Mphero ya Agogo Anapita Nayo Mng'ono Wanga

Senderani pafupi ndi wailesi, anzanga, mumve chimene chikundidya mumtima.

Agogo athu anachoka ku Mozambiki wapansi nthawi ya thangata, tiyi akungodzalidwa kumene kuno ku Thyolo. Mwana kumsana, mphero pamutu. Mpheroyo inatsalira ine monga mdzukulu wamkulu.

Kunabwera a gulu losunga mbiri ya makolo, aja amayendetsa ana asukulu ndi alendo m'maesiteti a tiyi. Ine ndinali ku Makwasa kuchipatala, basi mng'ono wanga n'kuwapatsa mpheroyo. Lero ndiye amakhala pampando kunyumba ya gululo yoonetserako zinthu zakale, nsalu yatsopano, kufotokozera alendo.

Tsiku lina ndinapitako. Ndinamumva akuti, "Agogo ankandikonda kwambiri." Munthu wobadwa agogo ali kale m'manda! Ndinayambitsa nyimbo ya Chilomwe imene agogowo ankaimba popera mapira. Woyendetsa alendo anati, "Mayi, chonde, musasokoneze phunziro."

Pobwerera ndinamufunsa, "Iwe, agogowo unawaona liti?"

Anati, "Achemwali, inu munawaona, koma pamphero pawo pankamwera abakha anu."



Mphero ili patebulo, amaipukuta fumbi. Mng'ono wanga akukwera galimoto. Ine ndili pakhonde, ndipo akamadutsa ndimayang'ana kumbali.