Adiresi imene inkatseguka pa laputopu yanga yokha

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero ndikuulula manyazi anga: ndinatsala pang'ono kutayitsa amayi amasiye a mpingo wathu makina oumitsira usipa.

Bungwe lina linalonjeza makinawo, koma linafuna kuona kaye webusaiti ya gulu lawo lisanafike Lachisanu lomaliza la mwezi. Ine, poti ndinaphunzirako kompyuta ku Mzuzu, ndinadzitama kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi. Ndinagwiritsa ntchito pulogalamu imene umangolemba mawu m'mafayilo, iyo n'kuwasandutsa masamba a webusaiti. Zithunzi za amayi ali pamsika zinaoneka bwino kwabasi. Ndinakopera adiresi yomwe inali pamwamba pa tsambalo, yoyamba ndi mawu akuti localhost, n'kuilemba pa fomu ya bungwe.

Wapampando wa gululo, a Nyachirwa, anayesa adiresiyo pa foni yawo n'kundiuza katatu kuti sikutseguka. Ine ndinawayankha pamaso pa anzawo kuti foni yawo ndi yakale, aitaye. Anthu anaseka, iwo anangowerama. Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero.

Lolemba la sabata yomaliza bungwe linaimba kuti silikuona chilichonse. Ndinayesa pa foni yanga, osatheka. Ndinabisa nkhaniyi masiku awiri, chakudya osalowa, ndipo pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, amayi aja asalangidwe chifukwa cha kunyada kwanga.

Lachitatu ndinakwera minibasi kuti ndikafunse ku Mzuzu, laputopu ili pamiyendo. Pambali panga panakhala mayi wa ku Zomba wogwira ntchito za makompyuta ku maofesi a boma. Anasuzumira pa laputopu, anaona adiresi ija n'kuseka. "Achimwene, localhost ndiye kuti kompyuta yanu yomweyi. Mwaphika, mwadya nokha, alendo ali panja." Anandionetsa foda imene pulogalamu ija imasungamo masamba omalizidwa, ndi malo aulere oikwezapo pa intaneti. Tisanafike ku Mzuzu webusaiti inali itatuluka, ndipo ndinatumiza adiresi yeniyeni ku bungwe.

Lachinayi ndinapita kumsonkhano wa amayi, ndinagwada, n'kunena zonse popanda kuchotsera. A Nyachirwa anandidzutsa. "Yewo, mwana wanga. Ife tinaona kale kuti zakusokonekera. Masabata awiri takhala tikukupempherera, dzina lako osalitchula kuti usachite manyazi."

Makina anabwera, ndipo usipa suwolanso nthawi ya mvula. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha mayi wa m'minibasi uja, amene ndinaiwala n'kumufunsa dzina komwe. Inu amene mwalakwitsa ndipo mukubisa, musataye mtima, pitani mukanene. Ine ndinkaganiza kuti Ambuye ayankha pemphero langa, koma anali atayamba kale kuyankha la munthu amene ndinamunyoza.