Malangizo a pa mzere wofunsira ntchito

Pakhonde la ofesi panali mzere wa anthu ofuna ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta, koma malo anali amodzi okha. Mayi wina ankaunikanso pulogalamu yake pa laputopu, ndipo anazindikira kuti bambo wa kumbuyo kwake akusuzumira.

"Pepani achemwali, pamenepo mwalakwitsa."

"Wakupemphani ndani kuti muone?"

"Ndangoona mwangozi. Pamwambapa mwalemba MALIRE ndi zilembo zazikulu, m'munsimu mwalemba malire ndi zazing'ono. Kompyuta imatenga amenewo ngati mayina awiri osiyana."

"Ndachita dala."

"Nanga apa? MALIRE munawakhazikitsa kale kuti ndi khumi, ndiye mukuwapatsanso makumi awiri. Chinthu chokhazikika sachisinthanso. Kompyuta ingodandaula, n'kusunga khumi lomwelo."

"Achimwene, ntchitoyi ndi imodzi, inunso mukuifuna. Mukundithandiziranji?"

"Zikungondiwawa m'maso."

"Kapena mukufuna ndisokoneze zabwinobwino, ndikachite manyazi m'katimo?"

"Iyeseni nokha, muone."

"Batire latsala pang'ono kutha."

"Chaja ndili nayo, nayi."

"Ayi, sungani. Anthu okoma mtima a pa mzere ine ndimawaopa."

Chitseko chinatseguka, mlembi n'kuitana wotsatira. Mayiyo anayang'ana mawu awiri aja, chala chili pa batani koma osadina.

"Mwati zilembo zazikulu ponseponse?"

"Ponseponse, achemwali."

"Yanu munalemba choncho?"

"Chonchodi."

"Ndiye tsogolani ndinu. Mukatuluka mukuseka, ndikonza."