Dzina la a Clifford Garside Linabwerera Kwawo

Malemu athu, bambo Clifford Garside, anabadwa pa 14 Malichi 1941 konkuno ku Skipton, m'chipinda cha pamwamba pa butchala ya bambo awo. Anali achiwiri komanso omaliza m'banja la bambo Ernest ndi mayi Hilda Garside. Oyamba ndi bambo anga, a Norman, amene akhala kutsogoloku ndi ndodo yawo. Ine ndine Gillian, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiri ya bambo anga aang'onowa. Ambiri mwa inu mwabwera kudzalira a Clifford Malton, poti ndilo dzina limene munkaliona pa kanema. Simunasochere, maliro ake ndi omwewa.

Malemu anayamba sukulu mu 1946. Aphunzitsi awo ankadandaula kuti mwanayu masamu salowa, koma akangoona munthu kamodzi, mayendedwe ndi chifuwa chomwe watengera. Mu 1956 anasiya sukulu n'kuyamba kuthandiza pa butchala, pansi pa chikwangwani chija mukuchidziwachi, cholembedwa kuti Garside ndi Ana Ake, chimene chinakhomedwa mu 1902. Kunena zoona, nyama ankaidula moipa. Makasitomala ankabwerabe, koma ankabwerera kudzaona a Clifford akutsanzira kasitomala amene wangotuluka kumene.

Mu 1960 anapita ku London kukaphunzira zisudzo, ndipo mu 1963 anapeza ntchito yawo yoyamba ku York. Apa ndi pamene panayambira nkhani imene yasautsa banja lathu zaka zambiri. Bungwe la anthu azisudzo sililola anthu awiri kugwira ntchito ndi dzina limodzi, ndipo kunapezeka kuti kuli kale mkulu wina wotchedwa Clifford Garside. Malemu anauzidwa kuti apereke dzina lina tsiku lomwelo, apo ayi sakwera pa nsanja. Anasuzumira pa windo, anaona basi yopita ku Malton, n'kulemba dzina limenelo.

Agogo a Ernest atamva, anaika mpeni pansi n'kufunsa kuti, "Dzina limene ladyetsa mibadwo itatu, iwe walisinthanitsa ndi basi?" Malemu anafotokoza kuti pa mapepala a boma akadali a Garside. Agogo anayankha kuti dzina la munthu ndi limene anthu amamuitanira.

Pa 8 Juni 1968 malemu anamanga banja ndi mayi Rosalind, amene ankasoka zovala za zisudzo. Mayiwa amati anawakonda chifukwa pa gulu lonselo anali okhawo amene ankapinda zovala akavula. Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Judith ndi Alastair.

Pa ntchito yawo malemu sanakhalepo mwini sewero. Wokwatira mtsikana wokongola pa mapeto ankakhala wina. Iwo ankakhala wapolisi wogogoda pakhomo, woperekera zakudya, wokumba manda, kapena dalaivala amene waona zimene samayenera kuona. Anachita nawo masewero a pa nsanja oposa 90 ndi mafilimu 41, ndipo a pa wailesi yakanema sitinathe kuwawerenga. Mayi Rosalind anawerenga kuti amuna awo anafa pa kanema ka 26, ndipo akuti imfa yeniyeniyi ndi yokhayo imene sanabwere kudzafunsa ngati zinaoneka bwino. Pamsewu anthu ankawadziwa nkhope osadziwa kumene anaiona. Wina akawaimitsa kuti, "Kodi si inu munatikonzera mpope?" iwo ankayankha kuti, "Ndine. Ukudonthabe?"

Agogo a Ernest anamwalira mu Okutobala 1974. Asanatsirizike ananena kuti bokosi lawo lidzanyamulidwe ndi a Garside okhaokha. Malemu anafika ndi sitima ya m'mawa, ndipo pa khomo la tchalitchi chomwe chino, bambo anga anawatchinga ndi dzanja n'kuwauza kuti a Malton aime kumbuyo. Malemu anaimadi kumbuyo. Ndapempha chilolezo kwa bambo kuti ndinene zimenezi, ndipo andiuza kuti ndinene zonse, ndisawakometsere.

Kuchokera tsiku limenelo abale awiriwa sanalankhulane zaka 47. Khirisimasi iliyonse kunkabwera khadi kuchokera ku London, ndipo bambo ankaliponya m'dirowa ya pansi pa sikelo osalitsegula. Koma sanatayepo ngakhale limodzi. Ife ana tinakula tikudziwa kuti nkhope ija ikaoneka pa kanema, bambo apita kukawiritsa tiyi. Zinkatipweteka kwambiri.

Njira yobwezera dzina inali imodzi yokha, kuti mwini wake woyamba alisiye. Koma mkulu uja anali ndi moyo wouma. Malemu anaulula kwa abusa kuti m'mawa uliwonse nyuzipepala ankayambira kutsamba la omwalira, kenako n'kuitana kuti, "Rosalind, mkulu uja akadalipo!" Mkuluyo anamwalira mu 2019 ali ndi zaka 97. Malemu anapita kumaliro ake, analira moona mtima, ndipo m'mawa mwake analemba kalata ku bungwe.

Amene ankawapezera ntchito anawachenjeza kuti pa zaka 78 munthu sayambiranso ndi dzina limene palibe akulidziwa. Ananena zoona. Foni inakhala zii pafupifupi zaka ziwiri, ndipo nthawi yomweyo madokotala anawapeza ndi matenda a m'mapapo. Malemu sankaopa imfa, anali ataiyeserera mokwanira. Ankaopa kupita dzina la Garside lisanaoneke pa kanema achimwene awo akuona.

Mu 2021 anaitanidwa kukachita kagawo kakang'ono, kosakwana mphindi ziwiri, ngati wogulitsa nyama. Seweroli linaonetsedwa Lamulungu masana, pa 14 Novembala. Mayi Rosalind anali atanditsina khutu, ndiye tsiku limenelo tiyi ndinawiritsiratu, ndodo ya bambo n'kuiika patali. Bambo anaonera nkhope ili gwa. Mayina a ochita seweroli atayamba kuthamanga pa mapeto, ndinaimitsa chithunzi pa dzina la Clifford Garside. Bambo anavala magalasi, n'kuwerenga mzere umodzi womwewo nthawi yaitali. Kenako anati, "Gillian, tandiimbira munthu ameneyu."

Mawu oyamba patatha zaka 47 anali awa: "Clifford? Ndine. Mpeni sagwira choncho. Zaka zinayi pa butchala, zonse zinalowa m'madzi?"

Kenako tinamva kuti, "Ndiye mubwere mudzandiphunzitse, achimwene."

"Ubwere ndiwe. Sitima ukuidziwa."

Anabwera Lachitatu lomwelo, ndipo mu 2022 iwo ndi mayi Rosalind anasamukira kuno. Makadi aja anawatsegula limodzi, limodzi pa tsiku. Ankakangana tsiku lililonse, za mpira, za masoseji, za amene anaswa windo mu 1949, ndipo sitinawaonepo okondwa chonchija.

Matenda anakula mu Febuluwale chaka chino. Atagonekedwa m'chipatala masabata atatu anapempha kubwerera kunyumba. Anatisiya m'mawa wa pa 9 Meyi 2023 ali ndi zaka 82, dzanja lina lili mwa mayi Rosalind, lina mwa achimwene awo.

Malemu asiya mkazi, ana awiri, zidzukulu zisanu, ndi achimwene awo a Norman. Banja likuthokoza anamwino amene ankabwera kunyumba, abusa ndi mpingo, achinansi amene sanatisiye tokha, ndi inu anzawo a ku zisudzo amene mwayenda ulendo wautali. Tikachoka kumanda, tiyi ali ku holo ya mpingo.

Dzulo tinafunsa bambo kuti bokosi anyamule ndani. Anati, "Aliyense amene ankamukonda agwire, kaya dzina lake ndani. Koma ngodya yakutsogolo ndi yanga." Tawakumbutsa za mawondo awo, akana. Choncho tiyenda pang'onopang'ono, mutipirire.

Anzawo a malemu atiuza kuti wazisudzo samutulutsa mwakachetechete, amamuombera m'manja komaliza. Bambo sanawaomberepo mng'ono wawo m'manja chibadwire, ndipo lero manja awo akhala pa bokosi. Apempha kuti muwaombere inu, mwamphamvu, kuti amve.

Bambo Clifford Garside, dzina munabwera nalo kunyumba. Pitani bwino, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.