Chikwangwani cha Khansa pa Siteji

Akudikira basi mumzinda wa Winnipeg, Mayi Doreen anawerenga chikwangwani mokweza: "Aliyense amene ali ndi khomo la chiberekero akayezetse khansa." Kenaka anatembenukira bambo wandevu amene anaima pambali pawo.

"Kungolemba kuti amayi chavuta n'chiyani? Mchemwali wanga sadziwa n'komwe kuti khomo limenelo ali nalo. Akaona apa angodutsa."

"Akanalemba amayi, wodutsa ndikanakhala ine," anayankha bamboyo.

"Inu zikukukhudzani pati?"

"Ndinabadwa mkazi, mayi, kenaka ndinasintha n'kukhala mwamuna, koma khomolo ndinali nalobe. Chinandipititsa kuchipatala ndi chikwangwani chomwechi, ndipo khansayo anaipeza isanafalikire."

Mayi Doreen anayang'ana ndevuzo kwa kanthawi.

"Chabwino, inu munapulumuka. Nanga mchemwali wangayo?"

"Muimbireni foni lero, mumuuze. Ine ndinalibe wondiimbira."