Tsiku Limene Apongozi Anga Anaimba Foni ndi Nsapato

Linali Loweruka loyamba la mwezi wa Okutobala, cha m'ma 11 koloko m'mawa, pamene mwana wanga anadzitsekera m'galimoto ya hayala dzuwa likuswa mtengo, ife akuluakulu tonse tili panja. Moni nonse abale ndi alongo a pa gulu lathu la mapemphero. Ine ndine make Tiyamike wa ku Lisasadzi, uja ndimakhala benchi yakumbuyo kwenikweni. Kuimirira pamaso pa anthu sindingathe, ndiye ndati umboni wangawu ndiulembe. Sukulu sindinapite nayo patali, mukapeza polakwika mungolumphapo.

Alamu anga a Dalitso, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anabwera ndi maganizo oti bambo awo akaoneko njovu ku Lifupa. Apongozi angawo, a Mwale, alima fodya moyo wawo wonse koma m'paki anali asanapondemo. Choncho alamu anachita hayala galimoto pa boma, yaing'ono yoyera, yoti akabweze mawa lake. Apongozi aakazi anakana. Anati, "Ine galimoto imandisanzitsa, njovuzo mukazipatse moni." Tinanyamuka alamu ali pachiwongolero, apongozi pambali pawo, kumbuyo kuli ine, amuna anga a Lameki, ndi Tiyamike wa zaka ziwiri.

Muyenera kudziwa kuti chilowereni pabanjapa ndinali ndisanalankhulepo ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Ndi ulemu wake, koma manyazi anganso amaonjezera. Ndikafuna kuwauza kanthu ndimauza mwana, iwo ali pomwepo: "Tiya, auze agogo madzi ali kubafa." Iwonso amayankha kwa mwanayo: "Uwauze amako ndathokoza." Tinayamba zimenezi Tiya akadali wakhanda wosadziwa n'komwe kutembenuka, ndipo zinkatiyendera bwino.

Galimotoyo inali yamakono. Kiyi wake si wolowetsa pabowo ayi, ndi kabokosi kakuda kokhala ndi mabatani. Tisanakwere alamu anatipatsa malamulo, kuti osadya nzimbe mkati, osatsitsa mawindo chifukwa cha fumbi, ndiponso osamenyetsa chitseko. "Iyi si minibasi, alamu," anandiuza akuseka. Amuna atatu onsewo atangoona kuti muli potchajira, anatulutsa mafoni awo n'kuyamba kulimbirana chingwe. Yanga inali m'chikwama pansi pa mpando.

Tinadutsa pa boma anyamata a kabaza akutipatukira, amuna anga atatulutsa chifuwa ngati galimotoyo ndi yawo. Kenako tinalowa msewu wopita kupaki. Apa mavuto anayamba, chifukwa apongozi maso awo sanali pa mapiri koma pa nazale za fodya za eni ake. Akangoona mabedi m'mbali mwa dambo ankati, "Taima kaye. Mabedi awa wakweza ndani?" Alamu anadandaula kuti, "Bambo, galimotoyi ndatengera kuti muone njovu, osati mbande." Iwo anayankha kuti, "Njovu sizipserera, mbande zimapserera."

Tinaima kangapo. Pomaliza tinaima pa esiteti ina, pamene mayi wina wa tenanti ankathirira nazale yekha ndi ndowa ziwiri. Amuna onse anatsika. Injini itazima Tiya anayamba kulira, ndiye alamu anamupatsa kabokosi kaja kuti asewere nako. Ine ndinaona kuti mbali imene ndinakhala kunja kwake kuli minga, ndiye ndinatsika ndekha kuti ndizungulire ndikamutulutsire mbali inayo. Ndinatseka chitseko pang'onopang'ono monga anandiuzira. Ndisanafike mbali inayo ndinangomva kuti tswii, magetsi n'kuphethira.

Ndinakoka chitseko, chosatseguka. Ndinakoka china, chimodzimodzi. Tiya anali ataima pampando akundisekerera, kabokosi kali m'manja.

Amuna anga ndi alamu anabwera akuthamanga. Alamu anapisa m'matumba onse kufuna foni kuti aimbire mwini galimoto, n'kukumbuka kuti ili mkati ikudya moto. Amuna anga anati, "Tengani yanga," n'kupisa nawonso, n'kuyang'ana pawindo. Mafoni onse anali atagona pamodzi kutsogoloko ngati ana a nkhuku. Mayi wa tenanti uja anati yake inatha moto dzana.

Abale, amene munakhalapo m'galimoto yotseka mwezi wa Okutobala mukudziwa. Posakhalitsa thukuta linayamba kutsika pamphumi pa mwana wanga. Amuna awiriwo anakanikiza nkhope pagalasi akukuwa, wina kuti, "Dina lapakati!" wina kuti, "Ayi, lapansi!" Tiya anaganiza kuti ndi masewera, ankangomenya galasi ndi chikhatho. Kenako milomo yake inayamba kunjenjemera, kuseka kuja n'kutha.

Mayi wa tenanti uja sanafunse munthu. Anatenga masaka, kuwaviika m'chitsime, n'kuyala padenga ndi pagalasi lakutsogolo. Anazulanso udzu wophimbira mabedi ake n'kuunjika pamwamba, n'kuthirapo ndowa zake ziwiri. Alamu anafuula kuti, "Mayi, penti!" Iye anati, "Penti sapuma, bwana, mwana ndiye amapuma. Tapatukani." Galimoto ya eni ake inaoneka ngati chigafa cha fodya.

Ine ndinali nditatola mwala waukulu. Alamu anandigwira mkono. "Alamu, chonde dikirani pang'ono, a Lameki akupinda waya. Galasi limeneli likasweka mwini wake andidya wamoyo." Amuna anga anali atazula waya pa mpanda wa nazale, akumulowetsa pachitseko, koma ankangopindikira kunja. Ndinatseka maso n'kunena chamumtima kuti, "Ambuye, ine mawu ambiri ndilibe, mukudziwa. Mwana wanga akupsa. Ndionetseni njira, apo ayi mundikhululukire pamodzi ndi alamu, galasi ili ndiswa."

Nditatsegula maso ndinaona Tiya wakhala pansi pampando, misozi ili m'masaya, kabokosi kaja atakaika pakhutu. Milomo yake inkati, "Halo, halo." Pomwepo ndinakumbuka. Madzulo aliwonse iye ndi agogo ake amasewera za foni pakhonde. Agogo akati, "Dina apa," amadina. Ife tonse tikamuuza kanthu amakana, koma agogo akakhala pa foni sawatsutsa.

Apongozi anali ataima chapatali, chipewa chili m'manja, nkhope itagwa, akudziwa kuti amene anaimitsa galimoto ndi iwo. Ndinatembenuka kuti ndiuze mwana awauze, n'kuzindikira kuti mwanayo, pakamwa panga pomwe ndimalankhulira, ndiye watsekeredwa mkati. Ndinanong'oneza amuna anga, koma anali kalikiliki ndi waya wawo, anangoti, "Taleka kaye iwe." Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinangomva ndikukuwa mpaka kudambo:

"Bambo! Vulani nsapato!"

Waya anagwa m'manja mwa amuna anga. Mayi wa tenanti anaima ndi ndowa m'mwamba n'kufunsa kuti, "Ati avule chiyani?" Apongozi anayang'ana kumbuyo kwawo kuona ngati kuli bambo wina. Ndinati, "Inuyo bambo, bwerani! Foni yanu ili mkati, ikani nsapato pakhutu, mumuimbire Tiya!"

A Mwale, mkulu wa mpingo, munthu woti savula jekete ngakhale kumunda, anavula nsapato yakumanzere. Sokosi inali yobooka pachala chachikulu. Anabwera akutsimphina, n'kugwada m'matope a madzi othira aja, n'kuika nsapato pakhutu.

"Halo! Halo! Ndikulankhula ndi a Tiyamike Mwale?"

Tiya anasiya kulira. Anaimirira n'kubwera pagalasi. "Halo gogo."

"Sindikukumvani bwino, mayi. Netiweki yavuta. Tadinani apa." Anamuonetsa chala chikudina chidendene cha nsapato. Tiya anadina, galimoto n'kulira tswii, kutsekanso chotsekatseka. Alamu anagwira mutu ndi manja awiri. Apongozi sanagwedezeke. "Ayi mayi, mwaimbira ku Mzuzu. Dinani linalo, mukanikize kwambiri, osasiya." Anakanikiza chidendene mpaka mitsempha kutuluka pamkono. Tiya naye analuma mlomo n'kukanikiza ndi zala ziwiri.

Tinamva kuti khu kumbuyo. Sichinali chitseko chimene chinatseguka, inali buti, kuja koika katundu.

Sindinadikire munthu. Ndinataya mwala, ndinakweza butiyo, ndinalowa chamutu kudutsa pamwamba pa basiketi ya mbatata ndi mabotolo a thobwa. Mpando unandigwira pamimba, miyendo inatsala m'mwamba ikupalasa, chitenje n'kukodwa pachitsulo. Zonsezi apongozi ali pomwepo atagwada. Ndinamugwira mwana wanga, ali wotentha ngati mbatata yootcha, ndinatsegula chitseko ndi dzanja linalo. Mayi uja anamulandira, kumuvula malaya, kumuthira madzi kumutu, kumumwetsa pang'onopang'ono pamthunzi wa mango. Pasanapite nthawi Tiya anali akulirira nsapato ya agogo kuti naye aimbe.

Ine ndinakhala pansi n'kulira mokweza, manyazi n'kubwera onse pamodzi. Apongozi anadzuka, anasasa mawondo, n'kuyang'ana kumbali akunena kuti, "Make Tiya, mwachita bwino." Sanadzere kwa mwana. Ndinayankha kuti, "Zikomo bambo," mawu akutuluka ngati a udzudzu.

Ku Lifupa tinafikabe masana, mawindo onse ali otsitsa, udzu ukuuluka kuchoka padenga, kabokosi alamu atakamangirira palamba wa buluku. Njovu tinaziona zikumwa madzi kutsidya kwa damu. Apongozi anaziyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti ndowe zake zingakhale manyowa abwino.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wogwira mwala. Ndikuthokoza mayi uja amene anasiya mbande zake padzuwa chifukwa cha mwana wa mlendo, dzina lake sindinafunse n'komwe, Ambuye akumudziwa. Inu amene muli pa vuto ndipo mukuona ngati zitseko zonse zatsekedwa, musaleke kupemphera, mwina panu potulukira ndi kubuti. Amayi anzanga, kiyi wa galimoto si chidole, ndipo mwana akamapsa musaope galasi la munthu. Ine ndinatsala pang'ono kuswa, ndipo sindikanapepesa.

M'mawa mwake, Lamulungu, ndinadzuka anthu asanadzuke. Ndinatenga nsapato za apongozi pakhonde, ndinapala matope ndi kamtengo, ndinazipaka polishi zonse ziwiri ngakhale inagwira ntchito ndi imodzi. Ndinaziika pakhomo pawo n'kupita kukasesa kuseri. Ndili komweko ndinamva chitseko chikutseguka, kenako mawu awo akufunsa bwalo lonse kuti, "Kodi foni yangayi wapukuta ndani?" Ndinagwira tsache mwamphamvu n'kuyankha ndekha kuti, "Ndine, bambo."