Phulusa M'chipinda Chosungiramo Katundu

Aulutsi ndi omvera anzanga, ine ndine gogo wosakhulupirira munthu. Amuna anga atamwalira, abale awo anakokolola katundu m'nyumba mwathu ku Kabwata, maliro asanathe n'komwe. Anasiya makina osokera okha, poti ndinachita kuwakhalira.

Patapita zaka, posamukira kwa mwana wanga ku Woodlands, malo oika katundu wanga anachepa. Mpongozi wanga anati, "Amai, kuli zipinda za lendi zosungilamo katundu. Kiyi muzasunga mweka."

Ndinavomera monyinyirika. Makinawo ndinawabisa kuseri kwa matilesi, mapoto ndi mabeseni n'kuika kutsogolo. Potuluka ndinawaza pansi phulusa la m'mbaula, kuti wolowa aliyense asiye phazi.

Dzinja lonse mtima unali m'mwamba. Mvula itatha ndinapita kukatsegula. Abale inu! Phulusa lija linali monga ndinalisiyira, popanda ngakhale kaphazi ka khoswe. Kusuzumira kuseri kwa matilesi, makina anga ali phee, opanda dzimbiri. Ndinangokhala pansi.

Mlonda wa pamalopo anathamangira. "Ambuya, chasoba n'chani?"

"Palibe, mwanawe," ndinatero misozi ili chuchuchu. "Chikundiliza n'chimenecho."