A Winston pa Ndodo Yoyezera Msinkhu

Tsiku logawa mankhwala a likodzo ku Chintheche, Ethel, mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Ntcheu, anaimika ndodo yoyezera msinkhu pansi pa mtengo wa mango: wamtali mapilitsi ambiri, wamfupi ochepa. A Winston, msodzi komanso mkulu wa mpingo, amene Mulungu anawapatsa mawu aakulu n'kuwamana msinkhu, anafika pandodopo mlamu wawo Dingani atangolandira.

"Ine sindikudwala ayi," anayamba okha, mokweza kuti amayi a pamzere amve. "Ndangobwera kudzapereka chitsanzo."

"Chabwino, ada. Vulani chipewa." Ethel, amene anazolowera kuitana abambo motero monga eni dera, anayang'ana ndodo. "Atatu."

"Nanga Dingani mwampatsa angati?"

"Asanu."

"Asanu! Mwana wadzulodzulo uja? Kupalasa bwato ndinamuphunzitsa ndine!"

"Ndodo siyeza kupalasa."

"Pamaliro nyama imayambira kwa ine. Kutchalitchi ndimakhala kutsogolo."

"Kutchalitchi kulibe ndodo, ada. Atatu."

A Winston anavalanso chipewa n'kuchikwezera m'mwamba.

"Tayezanso."

"Chipewa chilibe likodzo."

"Iii, mwana iwe! Ndiye ndikupita osamwa. Mudzi wonse usamve kuti Winston walandira za ana asukulu."

"Pitani, koma katoni ya mankhwalayi ikubwerera lero lomwe. Tidzaonana chaka chamawa."

A Winston anayenda mapazi awiri n'kutembenuka. Chaka n'chachitali kwa munthu amene amaopa kupita kuseri kukataya madzi.

"Tamvera. Tizilomboto timakhala m'madzi, eti?"

"Eya."

"Ine ndakhala m'madzi zaka makumi anayi. Dingani amangogula usipa pamchenga, atavala nsapato. Ali ndi tizilombo tambiri ndani?"

"Sindinawerenge. Komanso inu mwati simukudwala."

"Sindikudwala? Ine?" Anadziguguda pachifuwa. "Mkodzo wanga ndi wofiira psuu kuyambira Khirisimasi! Dingani angafikeko? Mufunseni ngati amalira pokodza ngati ine!"

Mayi wina wa kwaya anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Ndiye mawa mupite kuchipatala akakuyezeni," anatero Ethel, osaseka ngakhale pang'ono. "Lero atatu. Mwadya?"

"Kondowole mbale yonse. Bweretsa, koma mlandu wa awiri otsalawo sunathe."

"Mumwere pompano, ndikuona."

Ethel anawaikira pilitsi loyamba m'manja, lalikulu ngati nyemba yonenepa. A Winston, pofuna kuonetsa uchamuna, anakana madzi n'kulitafuna. Nkhope inakwinyika, maso anatuluka misozi, chipewa chinagwa. Analanda kapu ya madzi aja n'kugugudiza yonse.

"Atsala awiri, ada."

A Winston anayang'ana mapilitsiwo, n'kuyang'ana ndodo. Anabwerera pandodopo mwakachetechete, anavula nsapato, n'kupinda mawondo.

"Mwana wanga, tayezanso bwino. Poyamba paja ndinatukula zidendene. Kwathu tonse ndife aafupi."